Kukwera pa Deity mu Civilization VI: Mafunso ndi Mayankho

Mu Civilization VI, gemu imene kampani ya Firaxis Games inatulutsa mu Okutobala 2016, munthu amayamba m'chaka cha 4000 BC ali ndi kagulu kamodzi kokakhazikitsa mzinda ndi msilikali mmodzi wa chibonga, n'kulera mtundu wakewo mpaka ufike potumiza zombo m'mlengalenga. Amasewera mosinthana, monga zimakhalira pa bawo: inu mumasuntha zanu zonse n'kudina batani, kenako mitundu ina imene kompyuta ikuyendetsa imasuntha zake. Palibe wokuthamangitsani. Malevulo alipo 8, kuyambira Settler, Chieftain, Warlord, Prince, King, Emperor, Immortal mpaka Deity, ndipo ambiri amene amapambana osatuluka thukuta pa King kapena Emperor, akangolawa Deity amapeza likulu lawo lalandidwa asanadziwe n'komwe chimene chawagwera. Mafunso ali m'munsiwa ndi a munthu wotere. Ndikunena za gemu yokhala ndi zowonjezera zake ziwiri, Rise and Fall ya 2018 ndi Gathering Storm ya 2019, pa liwiro la Standard la ma turn 500.

Kodi pa Deity kompyuta imachenjera kuposa pa malevulo ena?

Ayi ndithu, ndipo zonse zimene ndinene zatsamira pa mfundo imeneyi. Nzeru zake ndi zomwe zija mumazidziwa pa Prince. Chasintha ndi katundu amene yapatsidwa ponyamuka. Pa Prince, inu ndi iyo mumayambira pamzere umodzi. Pa Deity mtundu uliwonse wa kompyuta umayamba ndi ma Settler atatu, ma Warrior asanu ndi ma Builder awiri, inu muli ndi Settler mmodzi ndi Warrior mmodzi basi. Inu mukamakhoma kamzinda kanu koyamba, mnansi wanu amakhala akuyeza kale malo a mzinda wachitatu. Pamwamba pa izi, mizinda yake imapanga zinthu ndi golide mowonjezera ndi 80 pa 100 iliyonse kapena kuposerapo, sayansi, chikhalidwe ndi chikhulupiriro mowonjezera ndi zoposa 30 pa 100 iliyonse, ndipo msilikali wake aliyense amalandira mphamvu 4 zaulere akamamenyana ndi inu.

Si chinsinsi ichi. Soren Johnson, amene anatsogolera ntchito yopanga Civilization IV ya 2005, anafotokozapo pagulu kusiyana kwa kompyuta yongofuna kupambana, ngati ya chess, ndi kompyuta yopangidwa kuti munthu akondwe posewera nayo. Ya Civilization ili m'gulu lachiwirili. Kuiphunzitsa kuyala mzinda mwanzeru kapena kutsogolera nkhondo n'kovuta. Kuiunjikira chuma n'kosavuta.

Ndiye taonani chotuluka pamenepa. Ma Warrior asanu pa turn yoyamba ndi chinthu choopsa zedi, koma pofika turn ya 150 salinso kanthu. Mphatso za kompyuta zimalemera kwambiri kumayambiriro, kenako zimanka zipepuka chifukwa imazimwaza: imamanga pamalo olakwika, imasiya mapiri osakumbidwa migodi, imaponya asilikali pa linga mmodzimmodzi. Ntchito yanu ndi kukhalabe moyo, uku mukukula, mpaka kumwaza kwakeko kupose mphatso zake.

Mphamvu 4 zokhazo n'zimene zikundiphetsa asilikali chonchi?

Zikuoneka zochepa, koma mu gemu iyi chimene chimawerengedwa ndi kusiyana kwa mphamvu za awiri omenyanawo. Akakhala ofanana, aliyense amataya moyo pafupifupi 30 mwa 100. Wina akaposa ndi 4, nkhonya yake imakula ndi pafupifupi 17 pa 100 iliyonse, ya mnzakeyo n'kuchepa. Akaposa ndi 10, nkhonya imakula ndi theka lathunthu. Kusiyana kukafika cha m'ma 30, kumenya kamodzi kumatha kupha. Choncho Warrior wanu wa mphamvu 20 akakumana pabwalo loyera ndi wa kompyuta amene wafika 24, wanu ndiye agwa, ngakhale mubwereze kangati.

Koma masamu omwewa amakhoza kukhala mbali yanu. Woima paphiri amapeza 3, woima m'nkhalango 3, wokhala malo amodzi atadzitchinjiriza kwa ma turn awiri 6, ndipo mdani akaukira powoloka mtsinje, wotetezayo amapeza 5. Warrior yemwe uja, ataima paphiri la mitengo kutsidya kwa mtsinje n'kudzitchinjiriza, wafika 37. Kompyuta imamuukirabe, n'kudzipweteka yokha. Pa Prince simunkafunika kuyang'ana pansi pamene msilikali waponda. Pa Deity, nthaka ndiyo imabweza mphamvu zimene munamanidwa.

Ndiyambe kumanga chiyani?

Zimatengera mapu, koma njira imene ndimaikhulupirira ndi iyi: Scout, Slinger, Settler, kenako ma Slinger ena awiri, Builder akumalowa pakati pamene mpata wapezeka. Monument, imene pa malevulo apansi ambiri amayambira, idikire pang'ono.

Scout ali ndi ntchito yoposa kungoyendayenda. Akakumana ndi mtundu wina, luso la Writing limafulumira. Akapeza timizinda toima patokha titatu, phunziro la Political Philosophy limafulumira, ndipo limeneli ndi limene limatsegula maboma enieni oyamba: Autocracy, Oligarchy ndi Classical Republic. Chachikulu koposa, amakuuzani mnansi wanu ndani, ali kutali bwanji, ndipo angadzere njira iti.

Slinger, woponya miyala ndi gulaye, ndi wofooka kwambiri, koma akangopha mdani mmodzi luso la Archery limadulidwa ndi 40 pa 100 iliyonse. Likatha, ma Slinger anu atatu mumawasandutsa ma Archer ndi golide wochepa poyerekeza ndi kugula atsopano. Ma Archer atatuwo amafulumizanso luso la Machinery, limene limabweretsa ma Crossbowman. Naye Builder akakonza timabokosi titatu, phunziro la Craftsmanship limafulumira, n'kutulutsa khadi la Agoge limene limawonjezera theka pa liwiro lopangira asilikali oyambirirawa. Mwaona mmene chimodzi chikukokera chinzake? Umu ndi mmene ma turn 40 oyamba ayenera kuyendera.

Za achifwamba aja otchedwa Barbarians: mukaona kazitape wawo wafika pamzinda wanu, chizindikiro chofuula chatuluka pamutu pake, mutsekereni njira kapena mupheni asanabwerere kumsasa. Akafika, kumatuluka gulu, ndipo ngati pafupi ndi msasawo pali akavalo, limabwera lokwera pa akavalo. Khadi la Discipline, lopatsa mphamvu 5 polimbana nawo, likhale loyamba kuikidwa.

Mnansi wandiyambira nkhondo, asilikali ake azungulira mzinda wanga. Kodi gemu yatha?

Nthawi zambiri sinathe, ndipo apa m'pamene pamasiyana wodziwa Deity ndi wongoyesa. Tiyeni tizione pafupi.

Tinene kuti ndi cha m'ma turn 30. Montezuma wa Aztec, amene posachedwapa anali kukupatsani moni, watulukira m'nkhalango ndi ma Eagle Warrior, aliyense wa mphamvu 28, kuphatikiza 4 zija. Inu muli ndi ma Archer atatu ndi Warrior mmodzi. Choyamba, lekani chilichonse chimene mizinda ikumanga, kaya ndi Settler wotsala pang'ono kutha, muyambe asilikali. Archer mmodzi alowe pakati pa mzinda penipeni, pamene sangakhudzidwe mzindawo usanagwe. Awiri aime kuseri kwa mzinda, kumbali imene mdani sanafike, poti muvi umafika timabokosi tiwiri. Warrior akhale paphiri loyandikana ndi mzinda, adzitchinjirize, ndipo asaukire aliyense. Ntchito yake ndi kutseka malo ndi kulandira nkhonya.

Tsopano mivi yonse itatu ilunjike pa mdani mmodzi mpaka afe. Musaimwaze. Adani atatu ovulala amamenyabe katatu. Mmodzi wakufa samenyanso. Yambani ndi a zibonga ndi mikondo, chifukwa oponya mivi sangalande mzinda, olanda ndi omenya pafupi okha. Wanu akavulala kwambiri, msinthanitseni ndi wa m'kati mwa mzinda, mmene amachira 20 pa turn iliyonse. Akapeza mwayi wokwezedwa udindo, musathamangire kudina: kukwezedwako kumabweza moyo 50, ndiye kusungeni mpaka pamene watsala pang'ono kugwa. Yesetsaninso kuti mzinda usazingidwe mbali zonse, popeza wozingidwa suchira. Ngati muli ndi golide 160, Warrior wina amagulidwa pompo. Archer ndi 240. Ngati luso la Masonry lili pafupi, linga limapatsa mzinda mphamvu yoponya mivi wokha, ndipo kompyuta imavutika nalo kwambiri.

Pakapita ma turn angapo mudzaona gulu lija likuchepa, otsalawo akuzungulirazungulira opanda mutu. Mtendere umatheka nkhondo ikatha ma turn 10, ndipo kawirikawiri wogonjayo amaperekanso golide. Koma musanavomere, ganizani kaye. Asilikali ake afera pakhomo panu, anu akwezedwa maudindo, ndipo mizinda imene anamanga ndi mphatso zake zija ili pamtunda. Ma Archer anayi kapena asanu ndi ma Warrior awiri amatha kulanda mzinda wopanda linga. Mizinda iwiri yolanda panthawi imeneyi imasintha gemu yonse. Ine ndimaona kuti palibe mphindi ina mu Civilization VI yokoma kuposa iyi, pamene mantha a ma turn khumi asanduka mwayi.

Nanga nkhondoyo singapeweke?

Nthawi zina imapeweka. Pa turn imene mwakumana ndi mtsogoleri wina, mtumizireni nthumwi pompo. Ndi golide 25, ndipo pa turn yoyambayo amavomera mosavuta kuposa mukachedwa. Mukakhala ndi katundu wa mtengo wapatali wobwereza, monga silika kapena zonunkhiritsa ziwiri, mugulitseni chimodzi: mupeza golide, naye mtima ufewa. Nkhope yake ikangosonyeza kukondwa, pemphani ubwenzi wolengezedwa. Umakhala ma turn 30, ndipo m'nthawi imeneyi sangakuyambireni nkhondo. Ukatha, upempheninso pa turn yomweyo. Gilgamesh wa Sumeria, amene magaleta ake ankhondo ndi oopsa kwambiri kumayambiriro, amavomera ubwenzi msanga kuposa ena onse, ndiye mukakumana naye musazengereze.

Mtsogoleri aliyense ali ndi zokonda zake. Cleopatra amalemekeza wa asilikali amphamvu, Harald Hardrada wa zombo zambiri, Trajan wa dziko lalikulu. Zina mungakwanitse, zina ayi, ndipo musapotoze dongosolo lanu lonse pofuna kukondweretsa mmodzi. Chimene onse amayang'ana ndi kuchuluka kwa asilikali anu. Wopanda asilikali amadziitanira nkhondo yekha, ngakhale atumize mphatso zingati.

Ndimakonda kumanga zodabwitsa ndi kuyambitsa chipembedzo. Ndizisiye?

Zoyambirira zija, inde, zisiyeni, ndipo ndikudziwa kuti n'zowawa. Stonehenge imadya Production 180. Ma Settler anu awiri oyamba amadya 80 ndi 110. Ndiye funso lenileni n'lakuti: Stonehenge kapena mizinda iwiri? Pa Deity funsoli silifika n'komwe pamenepo, chifukwa kompyuta imaimaliza inu muli pakati, ntchito yambiri n'kupita pachabe. Chimodzimodzi Great Bath.

Si kuti zodabwitsa zonse zatsekedwa. Zimene zimafuna malo apadera nthawi zambiri zimachedwa kutengedwa. Pyramids, ngati muli ndi chipululu, nthawi zina imapezeka, ndipo imapatsa Builder aliyense ntchito imodzi yowonjezera. Mausoleum at Halicarnassus, yomangidwa pafupi ndi doko, ndi Kilwa Kisiwani, ya mzinda wakale wa pagombe la Tanzania, imene imalipira bwino munthu wokhala ndi timizinda tambiri tomumvera, ndi zina zimene munthu amatha kuzipeza. Muzisankha chimodzi kapena ziwiri zogwirizana ndi njira yanu yopambanira, n'kusungiratu nkhalango zoti mudule kuti zithe msanga.

Chipembedzo nacho n'chimodzimodzi. Pa mapu a Standard a mitundu 8, zipembedzo zimakhala zisanu zokha, ndipo aneneri amatha mofulumira. Russia ya Peter, yokhala ndi Lavra yotsika mtengo, imakwanitsa. Arabia ya Saladin imapatsidwa mneneri womaliza mwaulere. Kwa mitundu ina yambiri, kuthamangira mneneri kumatanthauza kuchedwetsa asilikali ndi mizinda panthawi imene ikufunika koposa. Chikhulupiriro chenichenicho musachinyoze, chili ndi ntchito ina imene nditchule posachedwa.

Pa turn 80 mnansi ali ndi sayansi yowirikiza katatu yanga. Kodi ndingamupezenso?

Akulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo munthu akatsegula tsamba la World Rankings n'kudziona ali pansi pa onse, mtima umamuuza zomwezo. Pa Deity mwambiwu sugwira. Kutsalira pa turn 80 si chizindikiro choti mwalakwitsa. Gemu inapangidwa kuti zikhale choncho. Amene anazolowera kutsogola kuyambira pachiyambi ndi amene amavutika kwambiri pano, ndipo ambiri amasiya magemu amene akanapambana.

Pa nthawi imeneyi musayang'ane sayansi. Werengani mizinda yanu, anthu ake, ndi Production imene ikutulutsa. Mnansiyo ali ndi sayansi yambiri lero chifukwa anayamba kale ndipo akuwonjezeredwa. Inu ngati muli ndi mizinda isanu ndi itatu imene iliyonse ili ndi malo abwino a Campus, sayansi yanu ili m'njira, ingoti sinafike. Wosewera bwino amayamba kuwapeza anzake pakati pa gemu, ndipo akangowapitirira sabwereranso m'mbuyo.

Choopsa chenicheni cha kutsalira chili kunkhondo. Mnansi akafika pa ma Knight inu mudakali ndi ma Archer, mphatso ya 4 ija yakumana ndi kusiyana kwa nyengo yathunthu. N'chifukwa chake Machinery ndi malinga m'mizinda ya m'malire siziyenera kuchedwa, ngakhale cholinga chanu chikhale cha mtendere.

Mizinda yambiri ndingaipeze bwanji msanga, poti Settler aliyense amakwera mtengo?

Osewera ambiri ali ndi kalamulo kawo: mizinda khumi pofika turn 100. Si lamulo la gemu, ndipo mapu ena salola, koma limakulozerani koyenera kuyang'ana. Mu Civilization VI mzinda uliwonse ungakhale ndi Campus yakeyake, msika wakewake ndi njira yake ya malonda, choncho mizinda khumi yapakatikati imaposa inayi yaikulu.

Zida zake ndi izi. Anthu anu onse akafika asanu ndi mmodzi, phunziro la Early Empire limafulumira, n'kubweretsa khadi la Colonization, lowonjezera theka pa liwiro lopangira ma Settler. Bwanamkubwa Magnus akakwezedwa ndi Provision, Settler satenganso munthu mumzinda umene wapangidwira. Mu Government Plaza, nyumba ya Ancestral Hall imawonjezera theka lina mumzinda umenewo, n'kupatsa mzinda uliwonse watsopano Builder waulere. Gwiritsani ntchito zitatuzi mumzinda umodzi, dulani nkhalango zake Magnus ali momwemo poti amawonjezera theka pa zodulazo, ndipo ma Settler azituluka motsatizana. Mukalowa nyengo ya Golden Age, sankhani Monumentality: apa ndi pamene chikhulupiriro chija chimagula ma Settler ndi ma Builder, motsika mtengo ndi 30 pa 100 iliyonse.

Settler asayende yekha, achifwamba amamugwira. Malo abwino a pakati pa inu ndi mnansi atengeni poyamba, a kumbuyo kwanu adzadikira. Koma yang'anani manambala a Loyalty musanakhome mzinda: mizinda yaikulu ya eni imakoka mitima ya anthu mpaka timabokosi 9, ndipo kamzinda kanu kangakupandukireni. Bwanamkubwa amawonjezera 8, nthawi zambiri n'zokwanira kukagwira mpaka katakula.

Ndi chiyani chimene osewera pa Deity amachita mumzinda chimene ine sindichita?

Amayala mzinda wonse m'mutu asanakhome n'komwe. Gemu ili ndi timapini toika pa mapu, ndipo iwo amaika: Campus apa pakati pa mapiri, Commercial Hub apa pamtsinje, Industrial Zone apo pafupi ndi Aqueduct. Campus imapeza sayansi 1 pa phiri lalikulu lililonse loyandikana nayo, 2 pa miyala ya m'nyanja yotchedwa Reef kapena pa ming'alu yotuluka nthunzi, ndipo khadi la Natural Philosophy limawirikiza zonsezo kawiri. Campus ya 4 ndi Campus ya 1 zimadya mtengo wofanana. Apa ndi pamene kompyuta imataya mphatso zake, inu n'kumatola.

Amadziwanso kuti mtengo wa ma district umakwera munthu akamapita patsogolo m'maphunziro, koma umaima pa turn imene waika maziko. Ndiye mzinda ukangofika pa anthu 4, 7 kapena 10, pamene malo a district ina amatseguka, amaika maziko pompo, n'kubwerera ku zimene amamanga, kudzamaliza pambuyo.

Chachitatu ndi ma Eureka ndi ma Inspiration, zofulumizitsa zija za 40 pa 100 iliyonse. Luso likafika pamene pangotsala gawo la Eureka, amalisiya n'kuyamba lina mpaka chofunikacho chichitike. Migodi itatu imafulumiza Apprenticeship, minda isanu ndi umodzi imafulumiza Feudalism, ndipo Feudalism imabweretsa khadi la Serfdom lopatsa Builder ntchito ziwiri zowonjezera, choncho ma Builder ambiri amasungidwira nthawi imeneyo. Kachinthu kalikonse pano n'kakang'ono. Koma gemu ndi ya ma turn mazanamazana, ndipo tinthu timeneti tikaunjikana timafanana ndi mphatso zonse za kompyuta.

Ndiyambe ndi mtundu uti, pa mapu otani?

Tengani wamphamvu, musachite manyazi. Nubia ya Amanitore ili ndi oponya mivi abwino koposa kumayambiriro, ndipo imawapanga msanga, choncho imayankha vuto lalikulu la Deity mwachindunji. Rome ya Trajan imapatsa mzinda uliwonse Monument yaulere. Korea ya Seondeok ili ndi Seowon yoyamba ndi sayansi 4. Germany ili ndi Hansa ndi malo a district imodzi yowonjezera. Mali ya Mansa Musa ndi Babylon ya Hammurabi ndi yamphamvu zedi koma imaseweredwa mwanjira yakeyake, isungireni mtsogolo.

Mapu a zilumba amapeputsa zinthu chifukwa kompyuta siidziwa bwino nkhondo ya pamadzi, pomwe Pangaea imakuikani pakati pa anansi. Liwiro la Epic, la ma turn 750, limathandiza wokonda nkhondo poti asilikali amayenda mtunda wautali zida zawo zisanakalambe. La Online, la ma turn 250, limakulitsa mphatso zoyambira za kompyuta.

Ndidumphe kuchoka pa King kufika pa Deity, kapena ndikwere pang'onopang'ono?

Khwerero lalikulu lili pakati pa King ndi Emperor, pamene kompyuta imayamba kupatsidwa Settler wachiwiri. Pitani pa Emperor, kenako Immortal. Mukapambana pa Immortal ndi mitundu iwiri kapena itatu yosiyana, osadalira mapu abwino, Deity yakwana. Njira ina yophunzirira msanga ndi kusewera ma turn 100 oyamba okha mobwerezabwereza, osamaliza gemu, chifukwa phunziro lonse la levulo imeneyi lili m'menemo.

Kuyambiranso mapu akakhala oipa, kapena kubwerera ku sevu yakale, kodi si kuba?

Mukusewera nokha ndi kompyuta imene yapatsidwa ma Settler atatu. Palibe amene mukumubera. Koma ziwirizi si zofanana. Kubwerera ma turn khumi m'mbuyo mzinda utalandidwa, n'kuyesa kuimika asilikali mwanjira ina, ndi sukulu yabwino kwambiri: mumaona ndi maso kusiyana kwa Archer woima kuseri kwa mzinda ndi woima kutsogolo kwake. Kuyambiranso mapu kambirimbiri mpaka mutapeza mtsinje, mapiri ndi mnansi wakutali kumakupatsani chipambano, koma kumakumanani chimene munabwerera. Langizo langa n'lakuti poyamba bwererani momasuka, mufunse chimene chinalakwika. Mukapambana kamodzi, yesani kuvomera mapu alionse amene mwapatsidwa.

Kodi n'koyeneradi? Ena amati Deity imachotsa kukoma kwa gemu.

Ali ndi mfundo. Ma turn 50 oyamba a Deity amafanana kwambiri gemu ndi gemu: asilikali, ma Settler, asilikali. Munthu amene amakonda kumanga mzinda wokongola wa zodabwitsa zisanu, kapena kusewera monga mmene mfumu yeniyeni ya m'mbiri ikanachitira, adzapeza zambiri pa King kapena Emperor, ndipo si wosewera wochepa chifukwa cha zimenezo.

Chimene Deity imapereka n'chakuti chosankha chilichonse chimakhala ndi kulemera. Pa malevulo apansi mutha kulakwitsa kakhumi osadziwa, poti chipambano chimabwerabe. Pano mukaika Campus pamalo olakwika mudzamva kuwawa kwake, mukaiika pabwino mudzaona phindu lake. Gemu imene munkaganiza kuti mukuidziwa imatseguka kachiwiri, ndipo malamulo amene munkangowadutsa, a mtsinje, a Loyalty, a mtengo wa ma district, amayamba kukhala ndi tanthauzo. Ine ndi chimenechi chimene ndimaikondera.

Ndikapulumuka n'kuwapitirira, kodi pali choopsa china chotsala?

Chilipo: kugona. Kompyuta ya Deity imatha kupambana ngati simukuyang'ana, ndiye tsamba la World Rankings muzilitsegula pafupipafupi. Pa chipembedzo, wina amapambana akatembenuza mizinda yoposa theka ya mtundu uliwonse. Mukaona kuti mwatsala ndinu nokha, kumuyambira nkhondo kumalola asilikali anu kuchotsa atumwi ake. Pa chikhalidwe, wopambana ayenera kukopa alendo ochuluka kuposa alendo a m'dziko a mtundu wina uliwonse, choncho kukweza chikhalidwe chanu kumamutalikitsira mzere. Pa ukazembe pamafunika mapointi 20, ndipo Statue of Liberty yokha imapereka 4, ndiye onani amene akuimanga.

Kawirikawiri mpikisano womaliza umakhala wa sayansi: setilaiti, ulendo wa ku mwezi, mudzi wa ku Mars, kenako chombo chopita ku pulaneti la kutali, mtunda wa zaka za kuwala 50. Mtsogoleri wina akamanga Spaceport, tumizani kazitape mumzinda umenewo akaiwononge, ndipo wina akhale pa Spaceport yanu kuilondera, poti nawonso amachita zomwezo. Chombo chanu chikanyamuka chimayenda chaka chimodzi cha kuwala pa turn, koma ntchito iliyonse ya Lagrange Laser Station kapena Terrestrial Laser Station imene mwamaliza imawonjezera chimodzi. Yoyambayo imafuna aluminiyamu, yachiwiriyo magetsi, choncho zonse ziwiri muzikonzeretu chombo chisananyamuke, ndipo Spaceport zikhale ziwiri kapena zitatu m'mizinda yanu ya Production yambiri.